Ndapeza kalata yakale m'buku la ndakatulo: kodi ndiigulitse ku okushoni?

"Zikomo akatswiri. Ndine mayi wa ku Malawi, ndimakhala ku Leeds ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Gogo wina amene ndinawasamalira kwa zaka zisanu anamwalira chaka chatha, ndipo mwana wawo wamkazi anandipatsa katoni ya mabuku awo poti ankadziwa kuti ndimakonda kuwerenga. Sabata yatha nditatsegula kabuku kena ka ndakatulo kosindikizidwa mu 1883, munagwa kalata yolemba pamanja ya masamba anayi. Inki yake ndi yofiirira, pamwamba pali deti la 1884. Wolembayo akuuza mnzake, amene akuoneka kuti ndiye mwini ndakatulozo, zimene zamukomera ndi zimene sizinamukomere, tsamba ndi tsamba. M'mphepete mwa masamba a bukulo mulinso timizere ta pensulo. Siginecha siikuwerengeka. Mnzanga wa kuntchito akuti makalata otere a alembi a nthawi ya Mfumukazi Victoria amagulidwa ndalama zankhaninkhani ku okushoni. Nditaika chithunzi pa gulu lina la pa Facebook, bambo wina wandilonjeza mapaundi 300 pompopompo, koma akufuna kalata yokha, buku ayi. Ndikumanga nyumba kumudzi ndipo ndalama ndikuzifuna. Ndigulitse? Kapena ndiipange lamineti ndipite nayo kwathu mu Disembala?"

Mayi, choyamba pepani ndi maliro a gogowo. Munthu amene mwamusambitsa ndi kumudyetsa kwa zaka zisanu sakhalanso mlendo, ndipo katoni ya mabukuyo ikuonetsa kuti akubanjako anauona mtima wanu. Chachiwiri, khazikani mtima pansi, palibe chimene mwawononga. Kalatayo yagona m'bukumo zaka pafupifupi 140, singavunde chifukwa choti mwadikira miyezi iwiri kapena itatu. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito yosamala zolemba zakale, zopweteka zambiri zimene ndaziona zinabwera ndi phuma.

Ndiyambe ndi lamineti, chifukwa ndiyo yandidumphitsa mtima. Chonde musayerekeze. Makina aja amatenthetsa pulasitiki, guluu wake n'kulowerera m'kati mwa pepala, ndipo zikatero palibe katswiri amene angalibwezeretse mwakale. Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi kalata ya agogo a agogo ake ataipanga lamineti, akumwetulira, poganiza kuti waichitira zabwino. Tinaiyang'ana pa kuwala, tinayesa galasi lokulitsa, koma sitinathe kumva pepalalo ndi zala kapena kuona mmene cholembera chinakandira. Inki inali itafalikira m'mbali mwa zilembo chifukwa cha kutentha. Ndinavutika kupeza mawu omuuzira kuti chikondi chakecho ndicho chinapha mtengo wa kalatayo. Selotepi, guluu ndi simbi yositira nazonso zikhale kutali.

Nanga bambo wa pa Facebook uja? Sindikumunenera kuti ndi kathyali, mwina ndi wamalonda chabe amene akuyesa mwayi. Koma dzifunseni: munthu angatulutse mapaundi 300 ataona chithunzi cha pafoni chokha, ngati sakuyembekeza kupezapo zoposa pamenepo? Mwina wazindikira kalembedwe ka dzanjalo, mwina keyala imene ili pamwamba yamuuza kanthu. Muyankheni mwaulemu kuti simukugulitsa pakadali pano, ndipo chithunzicho muchichotse. Ogula zinthu zotere amalipira bwino kalata imene sinaonekepo kwina kulikonse. Komanso chithunzi chikangoyenda pa intaneti, akamberembere amatha kuchitenga n'kumanamiza nacho anthu kuti kalatayo ili m'manja mwawo.

Chimene chandikhudza kwambiri m'mawu a bamboyo ndi chakuti akufuna kalata yokha. Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho mundilole ndifatsepo.

Anthu ambiri amaganiza kuti chogulidwa pa kalata yakale ndi siginecha. Kale ankaganizanso choncho. Mlembi wotchuka wa mabuku Charlotte Brontë atamwalira mu 1855, anthu ankalembera bambo ake, m'busa Patrick Brontë wa ku Haworth, kupempha kachidutswa ka zolemba za mwana wawo. Mkuluyo ankatenga lumo n'kudula makalata a Charlotte timizeretimizere, kumatumizira opemphawo. Mpaka lero akatswiri akuvutika kulumikiza tizidutswa timeneto, tina tili ku Britain, tina ku America. Siginecha payokha si yosowa kwenikweni. Makalata a Charles Dickens amene akudziwika ndi oposa 14,000, ndipo ambiri ndi timauthenga tachidule, kuthokoza mphatso kapena kupepesa kuti sabwera ku chakudya chamadzulo. Timeneti timagulidwa ndithu, koma mtengo wake sufanana ndi wa kalata imene mlembi akulankhula za ntchito yeniyeni yolemba. Pamene mlembi wakhala pansi ndi ndakatulo za mnzake, n'kumanena kuti liwu ili lalemera, mzere uwu ukutsimphina, apa wabisala kuseri kwa mawu okoma, timamuona ali pantchito, manja ali mbuu. Zimene sakananena m'nyuzipepala amazinena kwa mnzake. Makalata otere ndi amene malaibulale ndi mayunivesite amalimbirana.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Gerard Manley Hopkins, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti amene adamwalira ku Dublin mu 1889, ndakatulo zake zambiri zisanasindikizidwe. Mnzake wa ku Oxford, dokotala Robert Bridges, ndiye ankalandira ndakatulozo pa positi, nayenso n'kumatumiza zake, ndipo sankanyengererana. Mu 1877 Bridges atawerenga ndakatulo yaitali ya Hopkins yonena za sitima yapamadzi imene idasweka, adamuuza kuti sangaiwerengenso ngakhale atamulipira. Hopkins adayankha momuchonderera kuti aiwerengenso, ndipo adafotokoza kuti ndakatulo zake n'zoyenera kuzimva ndi khutu kuposa kuziona ndi maso. Tikudziwa zimene Bridges adanena chifukwa cha yankho la Hopkins lokha, pakuti Bridges adawononga makalata ake amene adalembera mnzakeyo. Mbali imodzi ya macheza awo idapita basi. Komabe Bridges yemweyo ndiye adasunga ndakatulo za Hopkins n'kuzisindikiza mu 1918.

Hopkins yemweyo adakumana ndi Coventry Patmore mu 1883, Patmore ali kale mlakatuli wotchuka ndi wamkulu kwa iye. Patmore adamupempha kuti aunike ndakatulo zake asanazisindikizenso, ndipo Hopkins adatumiza ndemanga zake mwatsatanetsatane, kutsutsa liwu apa, kamvekedwe apo, pena ngakhale ganizo lenilenilo. Pambuyo pake Patmore adamuonetsa buku lina limene adali asanasindikize, lonena za chikondi cha Mulungu ndi mzimu wa munthu. Hopkins adaonetsa kukayika, ndipo pa tsiku la Khrisimasi mu 1887 Patmore adaliponya pamoto. Mawu a mnzako amalemera chotero. Sindikunena kuti kalata yanu ndi ya Hopkins ayi, musandimve molakwa. Ndikufuna muone chifukwa chake pepala la masamba anayi lingathe kukhala ndi mtengo.

Za ndalama zankhaninkhani mnzanu wa kuntchito sananame. Mu 2021 kampani ya Sotheby's idalengeza kuti igulitsa mabuku ndi zolemba za ku Honresfield, zimene adasonkhanitsa abale awiri, Alfred ndi William Law, eni mafakitale a nsalu kufupi ndi Rochdale. Kwa zaka zoposa 80 akatswiri sankaziona. M'katimo mudali kope la ndakatulo za Emily Brontë lolemba pamanja, lokhala ndi zokonza za pensulo za mkulu wake Charlotte, amene pa ndakatulo ina adalembapo kuti sikunalembedweko zabwino zoposa izi. Kope lokhalo adaliyerekeza pakati pa mapaundi 800,000 ndi 1.2 miliyoni. Okushoniyo idaimitsidwa, bungwe la Friends of the National Libraries lidasonkhetsa mapaundi 15 miliyoni, theka lake kuchokera kwa mpondamatiki Leonard Blavatnik, ndipo zonse zidagulidwa n'kugawidwa m'malaibulale. Zina mwa zolemba za a Brontë zidapita ku Brotherton Library ya pa yunivesite ya Leeds, mumzinda momwe mukukhalamo. Taonani chimene chidakweza mtengo wa kopelo: ndakatulo ndi ndemanga zili pamodzi, dzanja la wolemba ndi dzanja la wounika pa tsamba limodzi. Buku lanu ndi kalata yanu ndi chimodzimodzi. Mukazilekanitsa, kalata idzakhala ikuloza tsamba 42 la buku limene palibe ali nalo pafupi, ndipo timizere ta pensulo tija tidzasanduka zokhwatchakhwatcha za munthu wosadziwika.

Tsopano ndikuuzeni chilungamo, kuti musayambe kuwerengera malata ndi simenti. M'nthawi ya Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901, anthu ochuluka zedi ankalemba ndakatulo. Abusa, aphunzitsi, madokotala ndi amayi a pakhomo ankasindikiza timabuku ndi ndalama zawo n'kugawira anzawo. Kuyambira 1840 kutumiza kalata kudatsika kufika pa peni imodzi, ndipo m'mizinda ikuluikulu positi inkafika kangapo patsiku, mwakuti anthu ankalemberana monga tichitira pa WhatsApp lero. Makalata ambiri otere amene afika pa tebulo langa amakhala a anthu osadziwika, ndipo mtengo wake umakhala mapaundi makumi angapo chabe. Yembekezerani zimenezo, kuti zikadzaposa pamenepo mudzasangalale. Ngakhale zitatero kalatayo siyopanda ntchito. Malo osungira mbiri ya m'dera amailandira ndi manja awiri.

Pali zambiri zimene mungafufuze nokha osalipira kanthu. Sambani m'manja, muumitse bwino, musavale magolovesi chifukwa amachititsa zala kukhala zosamva n'kung'amba pepala. Yalani pa tebulo loyera, tiyi ali kutali. Musayambe ndi siginecha, yambani ndi buku. Mwini ndakatulozo ndani? Kodi patsamba loyamba pali mawu opereka bukulo kwa wina, kapena kapepala komata ka dzina la mwini wake? Dzina la mlakatuliyo mulifufuze m'kaundula wa British Library ndi mu Oxford Dictionary of National Biography, nkhokwe ya mbiri ya moyo wa anthu odziwika a ku Britain, imene malaibulale ambiri a boma amalola kuwerenga ulere ndi khadi lawo. Mukadziwa anzake a mlakatuliyo, mwachepetsa kale anthu oti muwaganizire.

Kenako yang'anani pamwamba pa kalatayo. Anthu a nthawi imeneyo ankayamba ndi keyala ya kumene akulembera, pena yolemba pamanja, pena yodindidwa papepala. Keyala ndi deti zikakhala pamodzi zimaulula munthu msanga kuposa siginecha, chifukwa kalembera wa anthu wa 1881 ndi wa 1891, pamodzi ndi mabuku a makeyala a nthawiyo, amasonyeza amene ankakhala m'nyumba iliyonse. Ogwira ntchito ku laibulale yaikulu ya mumzinda wanu, ku chigawo cha mbiri ya m'dera, amazidziwa bwino zimenezi. Fufuzaninso m'katoni yonse ngati muli envulopu, chifukwa chidindo cha positi chimanena tsiku ndi malo. Pepalalo mulikweze moyang'anana ndi windo, mwina muona chizindikiro cha fakitale chobisika m'kati mwake, chimene amachitcha watermark. Zina zimakhala ndi chaka. Chaka chimenecho chikakhala cha patsogolo pa 1884, pali vuto. Ngati m'mphepete mwa pepala muli mzere wakuda, wolembayo adali pa maliro, ndipo chimenecho chimathandiza kumuzindikira.

Kufiirira kwa inki kusakunyengeni. Inki ya nthawi imeneyo inkapangidwa ndi timatuza ta pa mitengo ya oak posakaniza ndi mchere wa chitsulo. Polemba imada, ikakalamba imafiirira, ndipo pena imadya pepala mpaka kuboola pamene cholembera chidatsindika. Koma maonekedwe amenewa anthu achinyengo amawadziwanso. Ku Edinburgh kudali Alexander Howland Smith, amene ankagula mabuku akale kuti apeze mapepala opanda kanthu, n'kumalembapo makalata ndi ndakatulo zabodza m'dzina la Robert Burns ndi Walter Scott. Adaweruzidwa mu 1893 n'kulamulidwa kukhala m'ndende miyezi 12, koma zolemba zake zikupezekabe pamsika. Thomas J. Wise ndiye adaposa, chifukwa adali munthu wolemekezeka pakati pa osonkhanitsa mabuku. Ankasindikiza timabuku ta alembi otchuka n'kuikapo zaka zabodza zakumbuyo. Adamugwira mu 1934 John Carter ndi Graham Pollard, atapima mapepala ndi zilembo za makina n'kupeza kuti kabuku ka ndakatulo za Elizabeth Barrett Browning kolembedwa kuti n'ka 1847 kadasindikizidwa pa pepala la mtundu umene kudalibe m'chaka chimenecho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ineyo sindikukayikira kwenikweni kuti yanu ndi yabodza, poti wachinyengo sabisa ntchito yake m'buku la gogo kwa zaka zambiri osaigulitsa. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi china. Anthu a nthawiyo akalandira kalata yabwino ankaikopera pamanja n'kutumizira achibale, choncho mawu angakhale a mlembi wotchuka pamene dzanja ndi la wina. Mlakatuli Alfred Tennyson sankakonda kulemba makalata, ndipo ambiri ankamulembera mkazi wake Emily ndi mwana wake Hallam. Palinso makalata osindikizidwa mofanizira dzanja la munthu, amene ankaikidwa m'mabuku ngati chokometsera. Ndi galasi lokulitsa mungaone kusiyana: cholembera chachitsulo chimasiya tinjira tiwiri m'mbali mwa chilembo pamene chatsindika, inki imachuluka atangochiviika n'kumachepa pang'onopang'ono, ndipo pamene wolemba wafufuta liwu inki imasanjikizana. Chosindikizidwa chimakhala chofanana paliponse.

Ntchito imene ndikanakonda kuichita ndekha ndikanakhala pafupi ndi iyi. Tengani pepala lina, mulembe tsamba ndi mzere uliwonse umene kalatayo ikutchula, kenako muone ngati timizere ta pensulo tikugwera pomwepo. Tikagwirizana, ndiye kuti buku ili ndi lomwe lidali m'manja mwa wounikayo kapena mwa mlakatuliyo pamene ankawerenga kalatayo. Mukatero fufuzani ngati ndakatulozo zidasindikizidwanso pambuyo pa 1884. Ngati mzere umene mnzakeyo adaudandaula udasinthidwa m'buku lachiwiri, muli ndi umboni wogwirika wakuti kalatayi idasintha ndakatulo. Akatswiri a zolembalemba amasowa tulo ndi zinthu zotere, ndipo wolemba kabuku ka okushoni adzaziika pamwamba penipeni. Musafufute pensuloyo ngakhale pang'ono, ndipo lembani pambali tsamba limene kalatayo inali.

Pali nkhani ina imene simunaifunse koma ndiyo yofunika kuposa zonse, ndipo ndikuiyankhula monga mlongo wanu. Mwana wa gogoyo adakupatsani mabuku, koma kodi ankadziwa kuti m'katimo muli kalata? Ndikukhulupirira kuti ayi. Inu mumagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo makampani ambiri a ntchito imeneyi ali ndi malamulo okhwima pa mphatso zochokera kwa osamalidwa ndi abale awo. Taganizani kalata itagulidwa ndalama zambiri, nkhani n'kutuluka m'nyuzipepala, wachibale wina n'kuyamba kunena kuti wantchito adadyera gogo masuku pamutu. Ngakhale mulibe mlandu, dzina lanu ndi ntchito yanu zingagwedezeke, ndipo ngati chitupa chanu chokhalira m'dzikomo chimadalira ntchitoyo, vutolo limakula. Muimbireni mayiyo, mumuuze zimene mwapeza. Adziwitseninso abwana anu za mphatsoyo ngati simunatero. Akanena kuti zonse ndi zanu, apempheni alembe kakalata kachidule kokhala ndi deti ndi siginecha. Ngati woyang'anira chuma cha malemu ndi wina, asayinirenso iyeyo. Akafuna kuti mugawane kapena kuti muibweze, kambiranani mwamtendere. Pakakhala kusamvana, pitani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, kapena kwa loya musanachite china chilichonse.

Kuwauza akubanjako sikukuluzitsani, kukupindulitsani. Funso loyamba limene aliyense wogula mwanzeru adzafunse ndi lakuti kalatayi yachokera kuti, yadutsa m'manja mwa yani. Mbiri imeneyi amaitcha provenance, ndipo imakweza kapena kugwetsa mtengo. Mwina mlakatuliyo adali agogo a gogo wanuyo. Mwina m'nyumbamo mudakali makalata ena a anthu awiri omwewa, ndipo mtolo wa makalata khumi umaposa kutali kalata imodzi yoyenda yokha. Amene angakuuzeni zimenezi ndi banja lokhalo.

Umwini ukalongosoka, pitani kwa odziwa. Yambani ndi amene sakufuna kukugulani: a chigawo cha zolemba zakale ku Brotherton Library, kapena a West Yorkshire Archive Service. Nthawi zambiri sanena mtengo, koma angakuthandizeni kuwerenga dzanjalo ndi kukulozerani njira. Mukatero tumizani zithunzi zooneka bwino, zojambula popanda kuwala kwa fulashi, ku makampani a okushoni awiri kapena atatu amene ali ndi chigawo cha mabuku ndi zolemba pamanja. Alipo akuluakulu monga Sotheby's, Christie's ndi Bonhams, alipo Forum Auctions ku London, Dominic Winter ku Gloucestershire, ndi Tennants ku Leyburn, ku Yorkshire konko. Kuyerekeza mtengo wogulitsira sikulipiritsidwa kawirikawiri. Musakhutire ndi yankho la mmodzi.

Amene adaonapo okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa kuti mtengo wolembedwa pa belo si ndalama imene mlimi amapita nayo kunyumba. Kunonso ndi momwemo. Adzakupatsani mitengo iwiri yoyerekeza, wotsika ndi wokwera, koma limenelo si lonjezo. Mudzagwirizana mtengo wachinsinsi umene amautcha reserve, woti akapanda kuufika katundu sagulitsidwa. Nyundo ikagunda, wogula amalipira mtengowo kuwonjezapo gawo la kampani, limene m'makampani ambiri limakhala pafupifupi kotala kapena kuposerapo, ndipo ogula amawerengeratu zimenezi asanakweze dzanja. Inunso amakudulani komishoni, pena ndi ndalama ya zithunzi ndi ya inshuwalansi, ndipo malipiro amabwera patapita milungu ingapo. Funsani zonsezi zilembedwe musanasayine, mufunsenso kuti mudzalipira chiyani katundu akapanda kugulidwa. Komishoni ya wogulitsa imakambiranika, makamaka chinthu chikakhala chabwino. Musaumirire reserve yokwera kwambiri, chifukwa katundu akabwerera osagulidwa pamaso pa anthu, ogula amamuthawa kwa zaka zingapo. Ndipo m'pangano mulembetse kuti buku ndi kalata zigulitsidwe ngati chinthu chimodzi.

Okushoni si njira yokhayo. Wamalonda wa mabuku akale amene ali m'bungwe la Antiquarian Booksellers' Association angakulipireni nthawi yomweyo, ngakhale mtengo wake umatsikirapo poti naye afuna phindu. Mungathenso kugulitsa mwachindunji kwa laibulale kapena nyumba yosungira zinthu zakale. Ndalama imachedwa poti amayenera kuipempha kwa mabungwe othandiza, koma kalatayo imakhala pamene aliyense angaiwerenge. Mtima wanga umapendekera kumeneko, sindibisa, koma nyumba mukumanga ndinu ndipo kusankha n'kwanu.

Musaisungenso poganiza kuti mtengo uzingokwera chaka ndi chaka. Kabuku kakang'ono kamene Charlotte Brontë adalemba pamanja ali ndi zaka 14 kadagulidwa ku Sotheby's mu 2011 pa mapaundi 690,850 ndi kampani ya ku France ya Aristophil, imene inkauza anthu kuti aike ndalama zawo m'zolemba zakale. Kampaniyo idagwa mu 2015 apolisi akuifufuza, anthu zikwizikwi n'kutaya ndalama zawo. Kabukuko kadagulitsidwanso ku Paris mu 2019 pa mayuro 780,000, n'kubwerera ku Haworth, kwawo kwa a Brontë. Mukasintha ndalamazo muona kuti pa zaka zisanu ndi zitatu mtengo sudasunthe kwenikweni, chonsecho ndi dzina la Brontë.

Za kupita nayo kwathu mu Disembala, imani kaye. Malamulo a ku Britain amafuna chilolezo potulutsa m'dzikomo zolemba pamanja zimene zapitirira zaka 50, posatengera mtengo wake, ndipo chilolezocho chimaperekedwa kudzera ku Arts Council England. Kupatula lamulo, Disembala kwathu ndi dzinja. Chinyontho, chuku, chiswe ndi mphemvu sizichedwa kumaliza pepala lotere, ndipo ogula ake ali komwe muliko. Dziwaninso kuti kukhala ndi pepala si kukhala ndi mawu ake. Ku Britain zolemba zakale zambiri zimene sizinasindikizidwepo zimatetezedwabe mpaka kumapeto kwa 2039, ngakhale wolembayo adamwalira kalekale, choncho kugulitsa mungathe koma kusindikiza mawu onse kumafuna kufunsa kaye. Ndipo mtengo ukapitirira mapaundi 6,000, funsani za msonkho wa phindu.

Pakadali pano isungeni chonchi. Ngati ikutambasuka mosavuta, igonekeni m'chikwama cha pepala lopanda asidi kapena m'kathumba ka poliyesita ka zolemba zakale, zimene zimagulitsidwa pa intaneti motchipa. Ngati ikulimba popinda, isiyeni momwe ilili. Buku ndi kalata zikhale m'bokosi limodzi, m'chipinda chogona, kutali ndi hita, windo ndi khoma lonyowa. Kudenga ndi kuchipinda chapansi ayi. Mukaona timadontho taubweya, fungo la chinyontho, kapena inki ikuthetheka n'kugwa tizidutswa, lekani kuigwira ndipo mufunefune katswiri wokonza mapepala kudzera m'kaundula wa bungwe la Icon. Musayese kupukuta nokha.

Mukamuimbira mwana wa gogoyo, mufunseni maina a makolo a mayi ake a mbali zonse ziwiri, ndi dera limene ankakhala m'zaka za m'ma 1880. Mukatero mundilemberenso, munditumizire mainawo, dzina la mlakatuli, keyala ya pamwamba pa kalata, ndi mizere iwiri yoyamba monga momwe mukuiwerengera, ngakhale mawu ena akukuvutani. Tidzayambira pamenepo.